Khomo la Mmodzi, Chipata cha Onse: Umbava ndi Chitetezo m'Nyumba Zosanja

Nyumba zosanja zokhalamo mabanja ambiri, zimene anthu a m'mizinda amazitcha mafulati, zimabweretsa funso la chitetezo limene nyumba yoima payokha ilibe, chifukwa wokhalamo amakhala ndi khomo lakelake pamene njira yofikira pakhomopo, kuyambira pageti, pamasitepe, m'chikepe mpaka m'kanjira kodutsa pakati pa zipinda, amagawana ndi anthu amene mwina sawadziwa ndi dzina lomwe. Boma la Lundazi, lomwe lili m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata, lilibe nyumba zazitali zoterozo, ndipo wina akhoza kuyesa kuti nkhaniyi ndi ya anthu a ku Lusaka ndi ku Johannesburg okha. Komabe ana a m'bomali amene amapita kumizinda kukaphunzira kapena kukafuna ntchito amakafikira m'nyumba zotero, amalonda a paboma akamamanga masiku ano amaganizira zoika chipinda china pamwamba pa sitolo, ndipo koposa zonse, muzu wa vutoli ulipo kale m'midadada ya lendi momwe mabanja angapo amalowera pageti limodzi ndi kutunga madzi pampopi umodzi.

Mawu akuti condominium, amene ogulitsa nyumba amawakonda, amatanthauza nyumba imodzi yaikulu yogawidwa m'zigawo, pamene chigawo chilichonse chili ndi mwini wake wokhala ndi chikalata cha umwini, koma denga, makoma akunja, masitepe, chikepe, thanki ya madzi, poimika magalimoto ndi mpanda ndi za eni onse pamodzi. Ku Zambia dongosololi limayendetsedwa ndi lamulo la m'chaka cha 1994 lotchedwa Common Leasehold Schemes Act, lomwe limalola kuti malo ndi nyumba zigawidwe motero ndiponso limaika eni zigawo onse m'bungwe limodzi losamalira zinthu za onse ndi kutolera ndalama zoyendetsera. Ku South Africa lamulo lofanana nalo, la Sectional Titles, linakhazikitsidwa mu 1971 ndipo linalembedwanso mu 1986. Popeza malo ambiri m'boma la Lundazi ali m'manja mwa mafumu, monga a Mwase ndi a Mphamba, ndipo amagawidwa motsatira mwambo, nyumba za umwini wotere zikhoza kumangidwa pa malo okhawo amene ali ndi chikalata cha boma, makamaka m'tauni momwe muli mapuloti oyezedwa. Chofunika kuchigwira n'chakuti lamulolo limagawa nyumba pawiri, gawo la munthu ndi gawo la onse, ndipo mbala imadutsa m'gawo la onse kuti ikafike m'gawo la munthu.

Malamulo a milandu a dziko la Zambia, amene ali m'buku lotchedwa Penal Code, amasiyanitsa kuthyola nyumba masana, komwe chilango chake chimafika zaka 7 m'ndende, ndi kuthyola usiku, komwe chimafika zaka 10, ndipo usiku umawerengedwa kuyambira 7 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa. Kuba moopseza ndi zida kapena pagulu ndi mlandu wina waukulu umene chilango chake sichichepera zaka 15. Mawu akuti kuthyola m'lamuloli ndi otambalala kuposa mmene amamvekera pamsika. Wotsegula chitseko ndi kiyi, wokankha zenera losatsekedwa bwino, wotsegula chitseko cha mkati atalowa kale m'nyumba, ngakhalenso wolowa mwachinyengo kapena mogwirizana ndi munthu wa m'nyumbamo, onsewa lamulo limawayesa othyola. Kutanthauzira kumeneku kumagwirizana kwambiri ndi mmene umbava umachitikira m'nyumba zosanja, momwe kawirikawiri sipapezeka khoma lobooledwa kapena loko wophwanyidwa ndi nyundo, ndipo mwini nyumba amangopeza chitseko chili chotseka bwinobwino koma kompyuta ndi ndalama zitapita.

Kuti munthu amvetse chimene nyumba yosanja imataya, ayenera kuyamba waona chimene mudzi uli nacho. M'midzi ya Achewa, Atumbuka ndi Angoni a ku Lundazi nyumba yachikale inkatsekedwa ndi chitseko cha bango kapena cha matabwa ndi mpiringidzo, ndipo nkhokwe, yomwe ndi chuma chenicheni cha banja, imaima pabwalo popanda loko mpaka lero. Chimene chimalondera mudzi ndi maso a anthu ake: mlendo akatulukira kumphepete kwa munda, ana osewera pabwalo amakhala atamuona kale, mayi wosinja pamtondo amaimitsa munsi ndi kuyang'ana, ndipo mlendoyo asanafike pakhonde amayenera kunena odi ndi kufotokoza kumene wachokera ndi amene akumufuna. M'zaka za m'ma 1800, pa nthawi ya nkhondo ndi ya malonda a akapolo, midzi yambiri ya m'chigawochi inkazingidwa ndi linga, mpanda wa mitengo kapena wa dothi wokhala ndi chipata chimene aliyense wodutsapo ankadziwika. Izi sizitanthauza kuti kumudzi kulibe umbava, pakuti mbuzi, ng'ombe, njinga ndi chimanga chakumunda zimabedwa ndithu, koma wakuba wa kumudzi amayenera kudikira mdima kapena tsiku la maliro pamene anthu onse achoka. Akatswiri awiri a ku America, Lawrence Cohen ndi Marcus Felson, analemba mu 1979 kuti umbava umachitika pakakumana zinthu zitatu, munthu wofuna kuba, chinthu choyenera kubedwa, ndi kusowa kwa woyang'anira, ndipo woyang'anira amene ankanenayo sanali wapolisi kwenikweni, anali munthu wamba ngati mayi wa pamtondo uja.

Tauni ya Lundazi ili ndi nyumba imodzi yotchuka imene inamangidwa m'maonekedwe a linga la ku Ulaya, yomwe ndi Castle Hotel, imene bwanamkubwa wachitsamunda Errol Button anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kuti ikhale nyumba ya alendo. Nsanja zake ndi makoma ake a njerwa zimakumbutsa za nthawi imene kutalika kwa khoma kunali chitetezo chenicheni, ndipo chikhulupiriro chomwecho, chakuti pamwamba mbala sifika, ndi chimene ambiri amapita nacho kumzinda akamasankha fulati.

Chikhulupirirochi chinayesedwa mozama ku America. Mu 1972 katswiri wa mamangidwe Oscar Newman anafalitsa buku lotchedwa Defensible Space, momwe anayerekezera nyumba za boma za mumzinda wa New York, ndipo anapeza kuti milandu inali yochuluka m'nyumba zazitali kuposa m'nyumba za nsanjika zochepa zokhalamo anthu a moyo wofanana, komanso kuti m'nyumba zazitalizo milandu yoposa theka inkachitikira polowera, m'chikepe, pamasitepe ndi m'tinjira ta mkati, malo amene aliyense amadutsamo koma palibe amene amawayesa ake. M'chaka chomwecho mzinda wa St. Louis unayamba kugwetsa midadada ya Pruitt-Igoe, nyumba 33 za nsanjika 11 iliyonse zimene zinali zisanathe zaka 20 chimangidwire, chifukwa zinali zitasanduka malo a mantha. Ofufuza ena anamutsutsa Newman ponena kuti anapatsa mamangidwe mlandu umene unali wa umphawi, wa ulova ndi wa kusowa ndalama zokonzera nyumbazo, ndipo mawu awo ali ndi maziko, pakuti nyumba zazitali za anthu olemera zimene zili ndi olandira alendo pakhomo sizinavutike chimodzimodzi. Koma kutsutsanaku kumathera pa mfundo imodzi, yakuti pamene mabanja mazana agawana khomo limodzi, nkhope yachilendo imaleka kukhala yachilendo, ndipo ngati palibe wolipidwa kuti afunse, palibenso wofunsa.

Kutalika kumathandiza pa mbali imodzi yokha, ya mazenera. Zipinda zapansi ndi za nsanjika yoyamba zili pangozi ngati nyumba ina iliyonse, ndipo nthawi zina kuposa, chifukwa denga la poimika magalimoto, mtengo wa mango wokula pafupi ndi khoma, mapaipi a madzi ndi zitsulo zimene wapansi waika pazenera lake zimakhala makwerero ofikira pakhonde la wapamwamba, amene amagona chitseko cha kukhonde chili chotsegula m'nyengo yotentha ya Okutobala. Zipinda za pamwamba penipeni zimafikika kuchokera padenga ngati chitseko cha kumathanki chasiyidwa chosatseka. Za pakati n'zovuta kuzifikira panja, koma kwa izo ngozi imachokera pachitseko cha kukanjira, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi masana a pakati pa sabata, pamene akuluakulu ali kuntchito, ana ali kusukulu, ndipo munthu wonyamula bokosi potsika masitepe amaoneka ngati wosamuka kapena wokonza wailesi yakanema.

Njira yolowera imene imavuta kwambiri kuitseka ndi ulemu. Geti likhoza kukhala lachitsulo, lotsegulidwa ndi kadi kapena ndi nambala, koma wokhalamo akalitsegula ndipo pambuyo pake pali munthu wovala bwino wonyamula katundu m'manja monse, mwambo umene analeredwa nawo umamuuza kuti amugwirire chitseko ndi kumupatsa moni. Munthu woleredwa ku Lundazi amadziwa kuti kufunsa mlendo wa mnzako kuti akufuna chiyani ndi mwano, pokhapokha funsolo litabwera m'kati mwa malonje, ndipo pamasitepe a fulati palibe mpata wa malonje. Kumudzi mwambo wolandira alendo ndi mwambo wodziwa alendo zimayendera limodzi, chifukwa wolandiridwa amakhala pansi ndi kufotokoza ulendo wake. Mumzinda mwatsala theka loyamba lokha. N'chifukwa chake nyumba zoyendetsedwa bwino zimachotsa mtolo umenewu pamutu pa wokhalamo ndi kuuika pa lamulo lodziwika kwa onse, loti mlendo aliyense alembe dzina m'kaundula, mwini wake aimbiridwe foni kapena atsike kudzamutenga, kotero kuti wofunsa sakhala wamwano ndipo wofunsidwa sachita manyazi. Kubwereketsa zipinda kwa masiku ochepa kudzera pa intaneti, monga pa Airbnb, kwaonjezera vutoli m'mizinda ikuluikulu, chifukwa alendo osinthasintha amapatsidwa makiyi ndi nambala za pageti zimene sizisinthidwa iwo akachoka.

Nkhani ya makiyi ndi yakale kuposa intaneti. Loko wa chipinda cha lendi amadutsa m'manja mwa anthu ambiri, amene anamanga, landilodi, wotolera lendi, wokhalamo woyamba ndi wachiwiri, mbale amene anadzacheza mwezi wathunthu, ndipo wosula makiyi pamsika amatulutsa kiyi wina m'mphindi zochepa popanda kufunsa kuti chitseko ndi cha yani. Eni nyumba ambiri amapaka penti watsopano wolowa akasintha koma loko amasiya yemweyo, pamene mtengo wa loko ndi wochepa kuposa wa ndowa ya penti. Umbava wa munthu wa mkati umavutanso pa chifukwa chimene akuluakulu anachinena kale, kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka: wobedwa akaganizira mphwake kapena mwana wa woyandikana naye, amasankha kukhala chete kusiyana ndi kuswa ubale, ndipo mlanduwo sufika kupolisi. Apa m'pofunika chilungamo, chifukwa chala chimathamangira kuloza wantchito wa m'nyumba ndi mlonda, anthu osauka amene alibe owayankhulira, ngakhale pamene umboni palibe, ndipo ambiri ataya ntchito ndi mbiri chifukwa cha katundu amene anatengedwa ndi mwana wa mwini nyumba.

Mlonda ndiye amene amafunsidwa kuti alowe m'malo mwa maso a mudzi wonse, ndipo zimene amapatsidwa sizigwirizana ndi ntchitoyo. Amafika madzulo pa njinga kuchokera kukomboni yakutali, amakhala m'kanyumba ka malata pageti mpaka m'mawa, ali ndi tochi, wenzulo ndi chibonga, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kwa kumtunda kwa Lundazi kumalowa m'mafupa, amakumbatira mbaula ya makala imene utsi wake umamugonetsa. Ambiri amakhala atagwira ganyu ina masana chifukwa malipiro a ulonda sakwanira thumba la ufa ndi lendi. Munthu wotere sangathe kulimbana ndi achifwamba a zikwanje kapena mfuti, ndipo si chilungamo kumuyembekeza kutero; phindu lake lenileni lili podziwa nkhope za okhalamo, pofunsa achilendo ndi poitana thandizo msanga. Mlonda amene wakhala pageti limodzi zaka zingapo, wolipidwa pa nthawi yake, wopatsidwa foni yokhala ndi mayunitsi ndi jekete lofunda, amadziwa mwana aliyense ndi galimoto iliyonse, pamene wosinthidwa sabata ndi sabata ndi mlendo ngati amene akumulondera. Eni nyumba amene amagula makamera odula ndi kuchedwetsa malipiro a mlonda amasiya chofunika ndi kugwira chokongola.

Makina a chitetezo onse, makamera, mawaya amagetsi a pampanda, mageti odzitsegukira okha ndi nyale za pamasitepe, amadalira magetsi, ndipo Zambia inaphunzira mowawa mu 2024 kuti magetsi sayenera kuyesedwa chinthu chokhalapo nthawi zonse. Chilala cha chaka chimenecho, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinatsitsa madzi m'nyanja ya Kariba kufikira kuti kampani ya ZESCO inkazimitsa magetsi kwa maola ochuluka kuposa amene inkayatsa. Anthu a ku Lundazi, amene kwa zaka zambiri ankalandira magetsi ochokera ku Malawi ndipo ankazolowera kuzima kwake, sangadabwe ndi zimenezi. M'nyumba yosanja kuzima kwa magetsi kumaimitsa chikepe, kumadetsa masitepe opanda mazenera, ndipo geti lamagetsi limasiyidwa lotsegula ndi mwala kuti anthu azidutsa. Kamera nayonso imaona koma sigwira, ndipo chithunzi chake chimathandiza pokhapokha pali wochiyang'ana, pali pochisunga, ndipo pali wofufuza amene angachigwiritse ntchito. Mabatire, mainiveta ndi mapanelo a sola amene anthu anagula pothawa mdimawo asandukanso katundu wofunidwa kwambiri ndi akuba, m'tauni ndi kumudzi komwe.

Chinatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga m'nyumba zambiri za umwini wogawana ndi ndalama za zinthu za onse. Mu 1996 boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo ndi za boma kwa amene ankakhalamo, ndipo mabanja ochuluka, kuphatikizapo a m'mafulati a ku Lusaka monga a ku Kabwata, anakhala eni nyumba kwa nthawi yoyamba. Kumeneku kunali kupeza kwakukulu kwa mabanjawo, koma m'midadada yambiri kunasiya funso lopanda yankho, loti adzagula ndani babu la pamasitepe ndi kukonza loko wa khomo lapansi, popeza mwini wakale amene ankachita zimenezi anali atachoka. Zotsatira zake zimaoneka ndi maso: khomo lililonse lili ndi chitseko chake chachitsulo ndi maloko awiri kapena atatu, pamene khomo lolowera onse lilibe chotsekera. Chitsanzo chachikulu cha nyumba yosanja yosowa oisamalira ndi Ponte City ku Johannesburg, nsanja yozungulira ya mamita 173 imene inatsegulidwa mu 1975 monga malo a anthu olemera, ndipo pofika zaka za m'ma 1990 inali itagwa m'manja mwa zigawenga, zinyalala zitaunjikana m'bowo la pakati pake mpaka kukwera nsanjika zingapo. Nsanja yomweyo inakhalanso malo okhalika itapeza oiyendetsa okhwima, alonda a usana ndi usiku ndi geti lozindikira munthu ndi chala, popanda kuchotsapo nsanjika ngakhale imodzi.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ogulitsa zitsulo saitchula, ndipo ndi yolemera kuposa zonse. Chilichonse chimene chimatsekera mbala kunja chimatsekeranso wokhalamo mkati. M'bandakucha wa pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba ya nsanjika 5 yotchedwa Usindiso, pa 80 Albert Street m'dera la Marshalltown ku Johannesburg, ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo ochokera ku Malawi, amene anapita kumeneko kukafuna ganyu. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda koma inali italandidwa ndi anthu otolera lendi mopanda lamulo, ndipo mkati mwake munali mutagawidwa tizipinda ta matabwa ndi zinthu zina zosachedwa kuyaka. Ozimitsa moto anapeza mitembo yambiri itaunjikana pageti lachitsulo lapansi limene linali lokhoma, ndipo ena anafa kapena kuvulala podumpha pamazenera. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe linapeza mu 2024 kuti njira zothawira zinali zotsekedwa ndipo kuti khonsolo inalephera kukwaniritsa malamulo ake omwe.

Anthu amene ankakhoma mageti m'nyumba ngati imeneyo sankachita misala, ankaopa akuba ndi zigawenga zimene zinalipodi, ndipo mantha omwewo ndi amene amachititsa mwini sitolo paboma kuwotcherera zitsulo pazenera lililonse ndi kukhoma banja lake pamwamba ndi loko mmodzi amene kiyi wake ali m'thumba la bambo. M'nyumba ya pansi yoyaka moto oyandikana nawo akhoza kugumula khoma kapena kukanganula malata. Pa nsanjika yachitatu palibe wofikapo, ndipo m'boma lakumidzi galimoto yozimitsa moto yokhala ndi makwerero aatali si chinthu chodalira. Mbaula, kandulo, botolo la gasi ndi petulo wa jenereta zimakhala m'zipinda zomwezo, makamaka magetsi akazima. Amisiri amadziwa yankho lake, ndipo si lodula: masitepe awiri otalikirana, geti limene kunja limafuna kiyi koma mkati limatseguka ndi dzanja, ndi zitsulo za zenera limodzi m'chipinda chogona zokhala ndi chotsegulira chimene mwana wa zaka 10 angachipeze mumdima. Nyumba imene ili ndi khomo limodzi lokhomedwa ndi loko wapamanja usiku iyenera kuyesedwa yoopsa kuposa imene ilibe geti n'komwe.

Pobwerera ku umbava, kafukufuku wa ku Britain anaonetsa chinthu chimene wobedwa aliyense ayenera kuchidziwa, chakuti nyumba yothyoledwa kamodzi imakhala pangozi yaikulu yothyoledwanso m'masabata otsatira, popeza wakuba wadziwa njira, waona zimene anasiya, ndipo akudziwa kuti mwini nyumba agula zatsopano. Mvula ikakuona litsiro sikata. M'dera la Kirkholt ku Rochdale, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ofufuza ndi apolisi anaika mphamvu zawo pa nyumba zimene zinali zitangothyoledwa kumene, anakonza maloko msanga, anachotsa mamita a magetsi ndi gasi oponyamo ndalama zachitsulo amene ankakopa akuba, ndipo anapempha nyumba zochepa zoyandikana kuti ziziyang'anira yobedwayo. Kuthyola nyumba kunatsika kwambiri m'zaka zochepa. Phunziro lake limagwira ntchito mumdadada wa zipinda 6 chimodzimodzi ndi munsanja ya nsanjika 20, ndipo silifuna ndalama zambiri.

Ku Lundazi kwenikweni ngozi imatsatira kalendala ya ulimi. Alimi akagulitsa fodya, thonje, soya, mtedza ndi chimanga, ndalama zimalowa m'nyumba ndi m'masitolo nthawi imodzi, ndipo njinga zamoto, mafoni, feteleza ndi masola zimagulidwa m'miyezi yomweyo. Kusunga ndalama pafoni kwachepetsa zobisa pansi pa matiresi koma kwasamutsira ngozi kwa achinyamata a m'timisasa totumizira ndalama, amene amanyamula chikwama madzulo kupita nacho kuchipinda cha lendi chimene anthu onse a mumdadada akuchidziwa. Malire ndi Malawi ali pafupi, ndipo pambali pa chipata cha Lusuntha pali tinjira tambiri tolumikiza midzi ya abale a mbali zonse ziwiri, kotero kuti katundu wobedwa akhoza kuwoloka usiku umodzi kupita ku Mzimba, monganso wobedwa ku Malawi amawolokera kuno. Umbava umakhalapo chifukwa pali msika, ndipo wogula foni kapena batire pa mtengo wotsika modabwitsa popanda kufunsa kumene yachokera amadyetsa wakuba, komanso lamulo limamuyesa wolakwa ngati ankadziwa kapena anali ndi chifukwa chokhulupirira kuti katunduyo ndi wobedwa.

Maso a anthu oyandikana ndi chitetezo champhamvu, koma mantha akawalamulira amasanduka chida choopsa. Kumayambiriro kwa 2020 dziko la Zambia linagwidwa ndi mantha a anthu opopera mankhwala okomola m'nyumba, nkhani imene inayambira ku Chingola ndi kufalikira m'zigawo zina, ndipo magulu a anthu okwiya anapha anthu makumi angapo pongowaganizira, ena mwa iwo alendo odutsa, okalamba ndi odwala maganizo. Magulu a chitetezo cha m'madera amene amagwira ntchito ndi apolisi ali ndi malo ake, ndipo m'nyumba yosanja komiti ya okhalamo ndi gulu lawo la pa WhatsApp zikhoza kuchita ntchito imene bwalo la mfumu limachita kumudzi, yodziwitsana za alendo, za maliro ndi za amene wachokapo. Malire ake ndi akuti woganiziridwa amaperekedwa kupolisi ali wamoyo ndi wosavulazidwa, ndipo chithunzi cha munthu sichifalitsidwa ndi dzina loti mbala mlandu usanazengedwe.

Mwayi wa Lundazi ndi wakuti nsanjika zake zambiri sizinamangidwe, ndipo kukonza pulani papepala n'kosavuta poyerekeza ndi kuboola khoma la konkire. Khonsolo pamodzi ndi oona za mapulani, amene amagwira ntchito pansi pa lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015, asavomereze nyumba yosanja yogonamo anthu ngati ilibe masitepe achiwiri, kuwala kwa dzuwa pamasitepepo, geti lotseguka mkati popanda kiyi, ndi chikalata chonena amene adzalipire mlonda ndi nyale za malo a onse. Mabanja ochepa pa khomo lililonse lolowera ndi abwino kuposa kanjira kamodzi katali ka zitseko 30. Eni midadada ya lendi asinthe loko pamene wokhalamo wasintha. Ndipo kholo la ku Lundazi limene mwana wake wapeza chipinda ku Lusaka kapena ku Johannesburg, pofunsa za mtengo wa lendi, lifunsenso kuti kiyi wa geti lapansi amakhala ndi yani usiku, ndiponso kuti njira zotsikira pansi zilipo zingati.